Boti Lilibe Mabuleki: Phunziro la Mphamvu ndi Kayendedwe ka Zinthu Panyanja

Makomiti a m'madoko anayamba pa nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire m'chaka cha 1993, ndipo ntchito imene anapatsidwa inali yosamala nsomba: kuona kukula kwa maso a maukonde, kusunga nyengo yotseka nyanja ndi kudziwa asodzi obwera. Koma amene wakhalako m'komiti akudziwa kuti si nkhani za nsomba zokha zimene zimafika kwa wapampando. Lero boti la injini lagunda bwato la woponya mbedza usiku. Mawa mnyamata wapanidwa mwendo pothandiza kukocheza boti. Mkuja chingwe chokokera boti lowonongeka chaduka n'kumenya munthu kumaso. Pa milandu yotere anthu amagawikana pawiri. Ena amati ndi tsoka chabe, ena amati pali dzanja la munthu.

Ife alangizi a za usodzi tikuona kuti zambiri mwa ngozi zimenezi zili ndi chiyambi chodziwika, choti mungathe kuchiwerengetsa ndi pensulo. Zinthu zonse zoyenda, kaya ndi bwato, njinga kapena mwezi kumwambaku, zimatsata malamulo ochepa a chilengedwe amene ana athu amaphunzira ku sekondale. Amene anawalemba mwadongosolo ndi Isaac Newton wa ku England, m'buku lake limene linatuluka m'chaka cha 1687. Msodzi amawadziwa kale malamulowa m'manja ndi m'miyendo mwake. Chimene phunziro lino likuwonjezera ndi manambala, chifukwa pa nkhani ya kulemera ndi liwiro maso amanamiza.

Kodi mphamvu ndi chiyani?

Pa Chichewa timanena za mphamvu za amfumu, mphamvu ya mankhwala, mphamvu ya mowa. M'phunziro lino mphamvu ndi kukankha kapena kukoka, basi. Mphamvu iliyonse ili ndi kukula kwake komanso kumene yaloza. Asayansi amaiyeza ndi muyeso wotchedwa nyutoni, pokumbukira Newton yemwe uja. Mukagwira paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi m'manja, dzanja lanu likutukula ndi manyutoni pafupifupi 10. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limafuna manyutoni pafupifupi 500. Thumba limeneli ndilo likhale muyeso wathu, popeza palibe amene sanalisenzepo.

Boti likamayenda silimvera mphamvu imodzi yokha. Dziko limalikokera pansi, madzi amalitukula, injini kapena nkhafi imalikankhira kutsogolo, madzi omwewo amaligwira kuti lisapite msanga, ndipo mphepo imalikankha kuchokera kumene ikuomba. Kumene boti lilowere ndi zotsatira za zonsezi pamodzi. Owoloka Shire amadziwa kuti ukaloza mutu wa bwato pa doko limene ukufuna, ukafikira kumunsi kwake; uyenera kuloza kumtunda pang'ono kuti madzi ndi nkhafi zigwirizane zokakutula pamalo pake.

Makani a zinthu

Lamulo loyamba likuti chinthu choima chimakhalabe chiimire, ndipo choyenda chimapitirira molunjika pa liwiro lomwelo, mpaka mphamvu ina itachisokoneza. Tinganene kuti chinthu chilichonse chili ndi makani, ndipo makaniwo amakula malinga ndi kulemera kwake.

Mbali yoyamba ya lamuloli ndi yosavuta. Tonse tinakankhapo boti pamchenga ndipo tikudziwa kuti kuyamba ndiye kovuta. Mbali yachiwiri ndi imene imasokoneza anthu. Timaganiza kuti chinthu chimaima chokha chikasowa wochikankha. Si choncho. Chimaima chifukwa pali china chimene chikuchigwira. Pamchenga boti limakhulana kwambiri ndi nthaka, n'chifukwa chake limaima pomwepo mukasiya kukankha, ndipo n'chifukwa chakenso timaika migogo pansi kuti lizigudubuzika m'malo mokhweretsa. Pamadzi kukhulanako n'kochepa, makamaka boti likamayenda pang'onopang'ono. Galimoto ili ndi matayala amene amagwira msewu dalaivala akaponda mabuleki. Boti lilibe pogwira. Mukazimitsa injini limangopitabe.

Asanabadwe Newton, Galileo Galilei wa ku Italy analemba m'chaka cha 1632 kuti mwala wogwetsedwa kuchokera pamwamba pa mlongoti wa chombo choyenda umagwera patsinde pa mlongotiwo, osati kumbuyo kwa chombo. Anthu ambiri sanakhulupirire. Mu 1640 Pierre Gassendi anakayesa pa chombo ku Marseille, dziko la France, ndipo mwala unagweradi patsinde. Inunso yesani. Tsiku limene nyanja ili bata, boti likuyenda molunjika osawonjeza kapena kuchepetsa liwiro, tayani kamwala kuchokera m'dzanja. Kagwera pamapazi panu. Kamwalako kanali kale ndi liwiro la boti, ndipo sikanalisiye pochoka m'dzanja.

Zimene zachitikira kamwalako zimachitikiranso batire, chigubu cha petulo, ndowa za usipa ndi munthu aliyense wokwera. Boti likagunda mchenga wobisika n'kuima, iwo saima nawo, amapitirira kutsogolo. Boti likakhota mwadzidzidzi, iwo amafuna kupitirira kumene amapita poyamba, ndipo munthu wokhala pamphepete amamva ngati wina wamukankhira m'madzi. Palibe wamukankha. Boti ndi limene lamuchokera pansi. Choncho batire ndi zigubu zizimangidwa, ndipo pofika pa doko pasakhale woimirira kumutu kwa boti popanda chogwira.

Woyendetsa naye si wosiyana ndi katundu. Injini zambiri zapanja zimabwera ndi kachingwe kofiira kozimitsira injini, kamene mbali ina imamangidwa pa dzanja kapena pa mwendo wa woyendetsa. Timakapeza katakulungidwa pa chogwirira ngati chokongoletsa. Woyendetsa akagwera m'madzi kachingweko kasanamangidwe pathupi pake, injini imapitirira kulira, chogwirira chimapendekera mbali imodzi, ndipo boti limayamba kuzungulira, pulopela ili pa ntchito, pamalo pomwe munthu uja akusambira.

Pali chinanso chimene oyendetsa atsopano sadziwa. Boti la injini yapanja limakhota chifukwa pulopela ikukankha madzi chammbali. Mukachotseratu moto, mphamvu yokhotetsa imachepa kwambiri, koma boti likadali kuyenda. Woyendetsa amene wafika pa doko ndi liwiro n'kuzimitsa injini wataya zonse ziwiri: sangaime, sangakhotenso bwino.

Kulemera kuchulukitsa ndi liwiro

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Asayansi ali ndi nambala imene imaonetsa kuvuta kwa kuimitsa chinthu choyenda. Amaitcha momentamu, ndipo imapezeka pochulukitsa kulemera kwa chinthu ndi liwiro lake. Kulemera timayeza m'makilogalamu, liwiro timayeza ndi mamita amene chinthu chikuyenda pa sekondi imodzi. Munthu woyenda mwandawala amayenda pafupifupi mita imodzi ndi theka pa sekondi. Mamita 3 pa sekondi ndi liwiro la munthu wothamanga pang'ono, kapena makilomita pafupifupi 11 pa ola.

Tiyerekeze boti la matabwa la chilimira. Manambala awa ndi ongopangira chitsanzo; inu muikemo a boti lanu. Tinene kuti boti, injini, petulo, ukonde wonyowa ndi alovi onse pamodzi akulemera makilogalamu 1,500. Likuyenda mamita 3 pa sekondi.

1,500 × 3 = 4,500

Mmawa likubwerera. Nsomba zaphedwa bwino, m'botimo mwalowanso madzi, ndipo zonsezi zawonjezera makilogalamu 1,000. Liwiro ndi lomwe lija.

2,500 × 3 = 7,500

Kwa munthu woima pa doko, boti likubwera chimodzimodzi ndi dzulo. Maso amaona liwiro, saona kulemera.

Nanga kuti liime pafunika chiyani? Lamulo lachiwiri la Newton likuti mphamvu ndiyo imasintha momentamu, ndipo imafuna nthawi. Mphamvu kuchulukitsa ndi nthawi imene yagwira ntchito ziyenera kukwana momentamu yonse imene tikufuna kuchotsa. Tinene kuti mnyamata wamphamvu walowa m'madzi ofika m'chiuno kuti aligwire, ndipo akukankha ndi manyutoni 500, ngati wosenza thumba lathu lija. Tikaika pambali thandizo lochepa la madzi:

7,500 ÷ 500 = masekondi 15

Pa masekondi 15 amenewo boti likhala likuyendabe, likuchepetsa liwiro pang'onopang'ono, ndipo lidzaima litayenda mamita oposa 22. Kumbuyo kwa mnyamatayo kulibe mamita 22. Kuli mchenga, mwala kapena boti lina. Boti lathu lija, lisanalandire ndi nsomba imodzi yomwe, likulemera ngati mvuu yaikulu. Palibe kholo limene lingalole mwana kuima kutsogolo kwa mvuu yothamanga kuti aigwire ndi manja, koma mmawa uliwonse timaona ana akuthamangira kutsogolo kwa maboti pofuna kupatsidwa ya ndiwo.

Tsopano tinene kuti botilo lagunda mwala n'kuima pa theka la sekondi. Momentamu ndi yomwe ija, 7,500, koma nthawi yachepa, ndiye mphamvu iyenera kukula:

7,500 ÷ 0.5 = manyutoni 15,000

Uku ndi kulemera kwa matumba 30 a chimanga. Thabwa la boti likhoza kung'aluka. Ngati pakati pa boti ndi mwala panali mwendo wa munthu, matumba 30 onsewo atera pa mwendowo.

Liwiro ndi loopsa kuposa mmene timaganizira. Tengani boti la makilogalamu 1,500 limene likuimitsidwa ndi manyutoni 1,000. Likamayenda mamita 2 pa sekondi limaima pa masekondi 3, litayenda mamita 3. Likamayenda mamita 4 pa sekondi limaima pa masekondi 6, litayenda mamita 12. Liwiro lawonjezeka kawiri, nthawi yawonjezeka kawiri, koma mtunda woimira wawonjezeka kanayi, chifukwa boti likutenga nthawi yaitali komanso pa nthawi yonseyo likuyenda mofulumira. Kuwononga kwake likagunda chinthu kumakulanso kanayi.

Ena amati, "Tili ndi rivesi." Zoona, koma rivesi si buleki. Kulowetsa rivesi injini ili pamoto waukulu kumawononga magiya, ndipo ngati injini sinakhomedwe bwino imatukuka m'madzi. Komanso boti lodzaza likaima mwadzidzidzi, funde limene limalitsatira kumbuyo silinaime; limafika n'kulowera pa thabwa la injini.

"Ine sindinamve kanthu"

Mawu amenewa amamveka kawirikawiri pa mlandu wa boti limene lagunda bwato usiku. Mwini bwato amapsa mtima poganiza kuti mnzakeyo akunama. Tiyeni tiwerengetse.

Zinthu ziwiri zikagundana, momentamu sitayika, imangogawidwa. Boti la makilogalamu 2,500 pa mamita 3 pa sekondi lili ndi 7,500. Bwato limene laima, munthu ndi mbedza zake ali momwemo, tinene kuti likulemera makilogalamu 200, ndipo momentamu yake ndi 0. Boti likalikankha n'kuyendera nalo limodzi, kulemera kwa zonse ndi 2,700.

7,500 ÷ 2,700 = mamita pafupifupi 2.8 pa sekondi

Boti lachoka pa 3 kufika pa 2.8. Pakati pa phokoso la injini ndi mafunde, woyendetsa amene wakhala kumbuyo akhoza kuganiza kuti wadutsa funde kapena chigumukire cha udzu. Bwato lachoka pa 0 kufika pa 2.8 m'kuphethira kwa diso, ndipo munthu amene analimo, potsata lamulo la makani lija, watsala pamene anali, ndiye kuti ali m'madzi.

Kotero woyendetsa akhoza kukhala kuti akunena zoona. Koma ife tikuona kuti zimenezi sizimuchotsera mlandu, zimangoonetsa pamene udindo uli. Amene ali ndi kulemera ndi liwiro ndiye ayenera kukhala ndi munthu woyang'ana kutsogolo, kuchepetsa moto pamalo podziwika kuti pamakhala mabwato, ndi kubwerera kukaona nthawi iliyonse imene boti lagunda kanthu, ngakhale kugundako kumveke kochepa. Wa bwato naye asakhale mumdima wopanda nyali kapena tochi. Komiti ikamaweruza, ifunse zinthu izi mmalo molimbana ndi funso lakuti anamva kapena sanamve.

Kupatsa mphamvu nthawi

Munthu akakuponyerani chambo chachikulu, simuchiwakha manja ali ouma gwa. Mumabweza manja pang'ono. Potero mumatalikitsa nthawi yoimitsira, ndipo mphamvu yofika m'manja imachepa. Nzeru yomweyi ili m'zinthu zambiri za pa doko. Tayala lakale lomangidwa m'mbali mwa boti limafinyika, ndipo kugunda kumene kukanatha mwadzidzidzi kumatenga kanthawi. Doko la mchenga limakhululuka kuposa la miyala pa chifukwa chomwechi.

Chingwe cha nangula chimafuna kuti tichifotokoze bwino. Funde likatukula boti, boti limakoka chingwe. Chingwe chikakhala chachifupi, choimirira, chimakungika nthawi yomweyo ndipo mphamvu yonse imafika kamodzi: chingwe chimaduka, nangula amazuka, kapena mutu wa boti umakokeredwa pansi funde likubwera. Chingwe chachitali chimayamba chawongoka, kenako n'kutanuka, ndipo chimakoka nangula chogona mmalo momuzula. Oyenda pamadzi amalangiza kuti chingwe chitalike kasanu kuposa kuya kwa madzi, ndipo kukakhala mphepo chitalike koposa apo. Pa madzi akuya mamita 6, ndiye kuti chingwe cha mamita 30. Tikudziwa kuti chingwe ndi ndalama, koma yerekezani mtengo wake ndi wa boti. Ndipo nangula azimangidwa kumutu, osati kumbuyo kumene kuli kale kulemera kwa injini.

Pokoka boti la mnzanu limene injini yafa, musanyamuke ndi moto chingwe chili lende. Boti lanu lipeza liwiro, lamnzanu likadali chiimire ndi makani ake, ndipo chingwe chikakungika zonse zimathera pa mfundo. Yambani pang'onopang'ono mpaka chingwe chikungike, kenako wonjezerani moto. Chingwe cha nayiloni chimatanuka ngati legeni, ndipo chikaduka chimabwerera ngati legeni. Pasakhale munthu woima kapena kukhala molunjika ndi chingwe chokungika.

Ukakankha, nawe ukankhidwa

Lamulo lachitatu likuti mphamvu zimayenda ziwiriziwiri. Chinthu chikakankha chinzake, chinzakecho chimabwezera mphamvu yofanana, yoloza kumene inayo yachokera. Nkhafi imakankhira madzi kumbuyo, madzi amakankhira bwato kutsogolo. Pulopela imachita zomwezo mofulumira. Pa nyanja ya Chilwa, pamene madzi ndi osaya, nsungwi imakankha matope a pansi ndipo matope amabwezera.

Lamuloli limagwetsa anthu potsika. Munthu wa makilogalamu 60 akadumpha kuchoka m'bwato la makilogalamu 120 pa liwiro la mamita 2 pa sekondi, bwato limabwerera m'mbuyo pa mita imodzi pa sekondi. Gawo lina la mphamvu ya miyendo yake lapita ku bwato, ndipo iye amatera pafupi kuposa pamene amafuna. Amayi ogula nsomba amene amadumpha kuchoka bwato lina kupita lina, beseni lili m'manja, amagwera pakati pa mabwato pa chifukwa chimenechi. Bwato likhale logwiridwa kapena lomangidwa munthu asanatsike.

Ukondenso umabwezera. Mukamaukoka ndi mphamvu ya matumba asanu, iwo ukukoka boti ndi mphamvu ya matumba asanu, ndipo ukukokera pamphepete pomwe alovi onse aunjikana. Poponya ukonde boti likuyenda, chingwe chimene chikutuluka chili pakati pa boti lolemera ndi ukonde umene wagwira madzi. Phazi limene laponda m'kati mwa chingwe chokulungidwa silingalimbane ndi zonse ziwirizi. Chingwe chisakulungidwenso pa dzanja.

Petulo amathera kuti?

Boti likamayenda pa liwiro losasintha, ndiye kuti mphamvu ya injini yafanana ndi mphamvu ya madzi imene ikuligwira. Petulo yense akuthera pa kulimbana ndi madzi. Vuto ndi lakuti kugwira kwa madzi sikukula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawonjezeka kawiri, kugwirako kumawonjezeka pafupifupi kanayi.

Maboti olemera a matabwa ali ndi malire ena. Boti likamayenda limapanga funde kumutu ndi lina kumbuyo, ndipo likafika pa liwiro lina limakhala ngati lagwera m'dzenje pakati pa mafunde ake omwe. Liwiro limeneli limadalira kutalika kwa boti. Kwa boti limene gawo lake lokhudza madzi ndi lotalika mamita 7, ndi makilomita pafupifupi 12 pa ola. Mukapitiriza kuwonjeza moto kuchokera apo, kumbuyo kumamira, mutu umatukuka, funde la kumbuyo limakula, koma liwiro limangowonjezeka pang'ono. Petulo wowonjezerayo akugwira ntchito yopanga mafunde. Eni maboti amene amadandaula kuti alovi akuba petulo ayambe akwera nawo tsiku lina n'kuona mmene chogwirira chimapotokoledwera. Kubweza moto pang'ono kuchokera pamapeto kumachedwetsa ulendo ndi mphindi zochepa koma kumasiya petulo m'chigubu. Ndere ndi zina zomera kunsi kwa boti, komanso pulopela yopindika, nazo zimadya petulo.

Madzi a m'boti, katundu wa pamwamba ndi mwera

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Tsopano taganizirani boti limene pansi pake ndi potalika mamita 5, mulifupi mita imodzi ndi theka, ndipo mwalowa madzi akuya masentimita 10 okha, ongofika mu akakolo. Madzi amenewo ndi malita 750, kapena kuti makilogalamu 750, kulemera kwa amuna 12. Ndipo amuna 12 amenewa sakhala pamalo amodzi. Boti likapendekera kumanzere, onse amathamangira kumanzere n'kulipendeketsa koposa. Funde likalibweza, amathamangira kumanja ndi momentamu yawo. Usipa kapena utaka wongothiridwa pansi popanda matabwa ogawa umaterereka mofananamo. Kukapa madzi si ntchito yopatsa mwana wamng'ono kuti asasowe chochita. Nyanja ikavuta, ndiyo ntchito yoyamba.

Pamene katundu wakhala ndi pofunikanso ngati kulemera kwake. Katundu wapansi ndi wapakati amathandiza boti kudzuka likapendekeka. Katundu wapamwamba, monga matumba a nsomba zouma osanjikizana kapena anthu oimirira, amalithandiza kugwa, komanso amapatsa mphepo pokankha. Tsiku limene nsomba zagwa zambiri mtima umafuna kutenga zonse, koma akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndowa iliyonse yowonjezera imatsitsa mphepete mwa boti kufupi ndi madzi.

Mphamvu ya mphepo imatsata lamulo lofanana ndi la madzi: liwiro lake likawonjezeka kawiri, kukankha kwake kumawonjezeka kanayi. Mwera, umene umavuta kwambiri m'miyezi yozizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa motsata kutalika kwa nyanja ya Malawi, imene ndi yotalika makilomita oposa 550. Mphepo ikayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi, imakhala ikupatsa madziwo mphamvu njira yonse, ndipo mafunde amakulirakulira. N'chifukwa chake doko lobisika kuseri kwa phiri likhoza kukhala bata pamene kunja kwake kuli zoopsa. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera makilogalamu 1,000, ndipo funde lalikulu limanyamula mabokosi otere ambiri. Funde lotere likamenya m'mbali limapeza boti lonse. Likamenya kumutu limapeza malo ochepa ndipo boti limakwera. Kumanani nalo chakumutu, mopendeketsa pang'ono, moto uli wochepa koma wosazima, popeza taona kale kuti wopanda moto sakhota.

Nyanja imeneyi inagwetsapo ndi sitima yomwe. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, imene inali itangoyamba kumene ntchito, inatembenuzika pa mphepo yamkuntho kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Olemba mbiri ambiri amanena kuti sitimayo inali yolemera kumwamba. Inali yachitsulo, ya injini zazikulu, koma malamulo amene inagwa nawo ndi omwewa amene amagwira bwato la mtengo umodzi.

Ntchito yoti komiti ichite

Manambala onse amene tapereka ndi a boti loyerekeza. A doko lanu muyenera kuwapeza nokha, ndipo sizifuna ndalama zambiri. Sankhani mmawa wa bata ndi malo opanda anthu osamba. Mangani chigubu chopanda kanthu ku mwala kuti chiyandame ngati chizindikiro. Boti lopanda katundu lidutse pa chigubucho pa liwiro limene oyendetsa amafikira nalo pa doko masiku onse, ndipo pomwepo woyendetsa achotse moto ndi giya. Bwato lina litsatire ndi chingwe chokhala ndi mfundo pa mita iliyonse, muyeze pamene boti laima. Bwerezani boti lili ndi anthu ndi zigubu za madzi zolemera ngati nsomba za tsiku labwino, onse atavala majekete oyandamitsa ngati alipo. Bwerezaninso pa theka la liwiro. Mlembi alembe zonse m'buku la komiti, ndipo oyendetsa maboti akhalepo kuti aone ndi maso awo.

Mtunda wautali kwambiri umene mwapeza ndiwo ukuuzeni pamene mungaike zigubu zokhazikika zosonyeza kuti kuyambira apa moto uchepe. Malo ofikira maboti a injini asiyane ndi pamene amayi amachapa ndi kutunga madzi, pamene ana amasambira, ndi pamene mabwato amakocheza. Mukagwirizana ndi amfumu ndi eni maboti, mfundozi zikhoza kulowa m'malamulo a doko lanu, ndipo mlangizi wa dera lanu adzakuthandizani kuzilemba. Pa doko limene maboti amafika mbandakucha kusanayere, zigubuzo zikhale zoyera kapena zachikasu kuti zizioneka ndi tochi.